Mayi Amene Ankasita Mikanjo ya Maloya

Kuseri kwa khoti lalikulu kuli kanjira kopapatiza komwe galimoto singadutse, ndipo m'kanjirako muli shopu yochapira zovala. Ukangolowa nthunzi imakuwomba kumaso. Pa tebulo lakumapeto, pafupi ndi zenera lomwe silinkatsekeka, ndi pamene pankaima mayi wina yemwe aliyense ankangowatchula kuti Mayi a Simbi. Anaima pamenepo zaka makumi awiri ndi zitatu akusita zovala za eni. Mkono wawo wamanja unali wonenepa kuposa wamanzere, ndipo pamkonopo panali timabala takalekale ta simbi, tina takuda, tina totuwa.

Poti shopuyo inali pafupi ndi khoti, zambiri zofika pa tebulo lawo zinali za maloya: mikanjo yakuda, malaya oyera, ndi timakolala tija tolendewera ngati malilime awiri. Mayiwa ankadziwa eni akewo ndi zovala zawo. Ankati akanyamula malaya n'kunena kuti, "Uyu dzulo anali pa moto, taonani thukutali." Akanyamula ena n'kuti, "Uyu akazi ake anachoka, mabatani akuchita kugwirira ndi mapini." Anzawo a pa ntchito ankaseka mpaka kugwira nthiti. Koma m'khoti mwenimwenimo mayiwa anali asanalowemo chibadwire.

Amuna awo anali makaniko, anamwalira ana akadali aang'ono. Mwana wamkazi anakula n'kukwatiwa kutali. Anatsala ndi mzime wawo, mwamuna wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wowotcherera zitsulo, yemwe m'dera lawo ankangomuti Mmisiri. Ndiye amene anawapangira kampando kachitsulo koti azipumirapo pa ntchito, ngakhale sankakhalapo kawirikawiri.

Tsiku lina akuba anathyola sitolo ya zipangizo zomangira, n'kumuvulaza mlonda. Zitsulo za m'mazenera a sitoloyo anawotcherera ndi Mmisiri sabata imodzi m'mbuyomo. Apolisi anati wodziwa kuika ndiye wodziwanso kuchotsa, basi n'kumunyamula. Mlonda uja atachira anati nkhope za akubawo sanazione. Komabe Mmisiri anali kale m'ndende, kumbali ya limandi, kumene kumakhala anthu oyembekezera kuti mlandu wawo uzengedwe. Anayembekezera zaka zitatu ndi miyezi inayi.

Musaganize kuti mayiwa anangokhala manja lende. Loya aliyense wobwera kudzatenga mkanjo wake ankamupatsa mkanjowo ndi manja awiri, n'kumunong'oneza za mwana wawo. Onse ankayankha chimodzimodzi: "Mubwere ku ofesi, mayi." Akapita ku ofesiko sankapitirira pa tebulo la sekilitale. Mmodzi yekha, mwina pofuna kuti amusiye, ndi amene anawauza kuti ku yunivesite kuli ana a sukulu ophunzira malamulo omwe amathandiza anthu mwaulere Lachitatu lililonse masana.

Apa ndi pamene ndikulowera ine. Nthawi imeneyo ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamalamulo, ndipo ndinali mmodzi wa ana a sukuluwo.

Kaofesi kathu tinkakatcha kiliniki. Kanali kachipinda kapansi, kakale kosungiramo mipando yothyoka. Munali matebulo awiri, kabati imodzi ya mafayilo yomwe chitseko chake chinkafuna bondo kuti chitsekeke, ndi benchi yaitali panja. Ndisakunamizeni kuti tonse tinapitako chifukwa cha chifundo. Ena inde. Ambiri tinkafuna malikisi, ndi kamzere kabwino kolemba pa kalata yofunsira ntchito. Ine ndinali ndi zonse ziwiri, ndipo sindidziwa chimene chinali chachikulu.

Wotiyang'anira anali mphunzitsi wathu, loya yekhayo wa chiphaso pa kilinikiyo. Tinkawatcha a Musalonjeze, chifukwa pakamwa pawo sipankachoka mawu amenewo. "Funsani bwino. Lembani zonse. Musalonjeze kanthu." Ankatiuza za mkaidi wina yemwe mwana wa sukulu anamuuza kuti mawa akutuluka. Munthuyo anagawa bulangete lake, mbale yake ndi malo ake ogona. Kutacha mlandu unaimitsidwa mpaka miyezi isanu, iye n'kubwerera kukagona pafupi ndi ndowa ya chimbudzi. Nkhaniyi tonse inatilowa m'mutu.

Lachitatu langa loyamba ndinapatsidwa fayilo yonenepa, n'kuuzidwa kuti mwini wake ali pa benchi. Analowa mayi wamfupi, wovala bulauzi yositidwa mwakuti ine ndinachita manyazi ndi malaya anga. Anakhala pansi osadikira kulozeredwa mpando, chikwama pa miyendo.

"Ndinu atsopano, a loya?"

"Eya amayi, koma sindinakhale loya. Ndikuphunzira."

"Onse amatero. Yambani, mwanangu."

Ndinatsegula fomu n'kuyamba kufunsa monga tinaphunzitsidwira. Ankayankha mwadongosolo: tsiku, malo, nthawi, mtundu wa galimoto ya apolisi. Ndikamalemba ankaima kaye kuti cholembera chiwapeze. Nditafika kumapeto n'kutseka fomu, anakweza chala.

"Mwadumpha limodzi. Simunandifunse ngati ali ndi matenda. Anzanu amafunsa pamenepo, asanafike pa za mboni."

Ndinayang'ana fomu ija. Ankanena zoona.

Atachoka ndinakhala pansi n'kuwerenga fayilo yonse. Munali malipoti asanu ndi limodzi, olembedwa ndi manja asanu ndi limodzi, onse a nkhani yomweyi. Pamwamba pa lipoti lililonse panali malikisi ndi inki yofiira. Wina anakhoza bwino kwambiri, mpaka kulemberedwa kuti "mafunso abwino". Koma pepala lopita kukhoti munalibe ngakhale limodzi.

Mmene zinkachitikira ndi motere. Teremu ikayamba kunkabwera gulu latsopano, ndipo ntchito yoyamba yopatsidwa malikisi inali kufunsa munthu mafunso. Mayi a Simbi ankafotokoza bwino, sankalira, sankasokoneza masiku, ndiye anali abwino kuyambirapo. Mwana wa sukulu akamaliza lipoti ankalembera apolisi kalata n'kumadikira yankho. Yankho lisanabwere mayeso ankafika. Mayeso akatha, tchuthi. Tchuthi chikatha, gulu lina, ndipo mayi aja anali pa benchi, chikwama pa miyendo. Tinali titawasandutsa bolodi lophunzirirapo kulemba. Palibe anachita dala, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri mpaka lero, chifukwa palibe woti n'kumuloza chala.

Mtima wanga ndi wapachala, anzanga amadziwa. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti lipoti lachisanu ndi chiwiri sindilemba. Masiku anayi ndinali mu laibulale, kulemba pempho lopita kukhoti lalikulu loti munthu wosungidwa nthawi yaitali chonchi osazengedwa mlandu atulutsidwe. Koma mwana wa sukulu sasayina pepala la kukhoti. Pankafunika dzanja la a Musalonjeze, ndipo kuwapeza kunali ntchito. Sanali munthu woipa ayi. Anali ndi makalasi atatu, mafayilo oposa mazana awiri, ndi odwala kunyumba. Ndinawasaka sabata yathunthu mpaka ndinawapanikiza pamalo oimika magalimoto. Anawerenga ataimirira, magalasi ali pamphuno, n'kusayina pa boneti.

"Mwalemba bwino. Koma mayi aja musawalonjeze kanthu."

Pempho linalowa. Woimira boma pa milandu ataona mapepala anakanda mutu n'kunena kuti umboni palibe, sadzatsutsa. Kalaliki wa khoti anatipatsa tsiku: Lachinayi, patatsala masiku khumi ndi atatu. Linali Lachisanu masana. Sindinadikire Lachitatu. Ndinatuluka pa geti la khoti, n'kukhotera m'kanjira kaja.

Ndinawapeza akusita mkanjo. Atandiona anaimika simbi chilili.

"A loya, kwagwanji?"

"Kwabwino, amayi. Khoti latipatsa tsiku. A boma akuti satsutsa."

Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna pogwira, kenaka anakhala pa kampando kachitsulo kaja. Sanalire. Anangogwira pakamwa ndi dzanja. Mnzawo wa pa tebulo loyandikana anathamangira kudzachotsa mkanjo pafupi ndi simbi.

"Mawa ndi Loweruka langa lokamuona," anatero. "Ndikamuuza. Mayo ine, ndikamuuza!"

Ndendeyo inali kutali, ulendo wa maola awiri pa basi, ndipo iwo ankapitako Loweruka limodzi n'kudumpha limodzi, malinga ndi ntchito.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndinalakwa ndikudziona wanzeru.

"Ayi amayi, musamuuze."

"Ndisamuuze?"

"Masiku a khoti amasintha. Woweruza akhoza kudwala, fayilo ikhoza kusowa. Mukamuuza n'kulephereka, mumupweteka koposa. Tiyeni tidikire chigamulo chili m'manja."

"Ngakhale kungomutsina khutu pang'ono? Kungoti limba mtima, zikuyenda?"

"Ngakhale zimenezo, amayi. Ndi lamulo lathu. Sitilonjeza."

Anali mayi woti akanatha kundibereka, wodziwa mwana wake kuposa mmene ine ndinkadziwira buku lililonse. Koma zaka makumi awiri ndi zitatu za kusita mikanjo zinawaphunzitsa kuti ovala zakudawo ndiwo amadziwa.

"Chabwino, mwanangu. Ophunzira ndinu. Nditseka pakamwa."

Ine Mmisiriyo ndinali ndisanamuonepo. Kunena zoona, pa ana a sukulu asanu ndi awiri amene tinagwira fayilo yake, panalibe ndi mmodzi yemwe anakamuonapo. Kupita kundende kunkafuna kalata ya sukulu ndi tsiku lathunthu, pamene mayi ake ankabwera okha pa benchi. Tinazolowera kuganiza kuti mlandu ndi wa mayiwo. Ndinakonza zopita Lolemba la sabata ya khoti, kuti ndikamukonzekeretse zoyankha. Sabata yapakatiyo ndinali ndi mayeso awiri.

Lolemba lija ndinafika pa geti la ndende cha m'ma teni, kalata m'manja. Msilikali wa pa tebulo anatsegula buku la limandi, kutsitsa chala mpaka pansi, kutembenuza tsamba, kubwereranso. Kenaka anatseka n'kukoka buku lina.

"Ameneyu si wa limandi tsopano. Anagamulidwa."

"Anagamulidwa bwanji? Mlandu wake uli Lachinayi!"

"Lachiwiri lapitali khoti linabwera konkuno. Limabwera nthawi zina kudzachepetsa anthu. Amaitana ofuna kuvomera milandu yawo, poti imeneyo sichedwa. Iyeyu anakweza dzanja." Anawerenga m'bukumo ngati akuwerenga mndandanda wa katundu. "Zaka khumi ndi ziwiri."

Ndinapempha kuti ndimuone.

Anandilowetsa m'kachipinda ka benchi ziwiri. Patapita kanthawi analowa mwamuna wamtali, woonda, atavala yunifolomu ya akaidi yomwe inamufupikira m'miyendo. Maso ake anali ofiira m'mbali ngati a anthu ambiri owotcherera. Anakhala moyang'anana nane, manja pa mawondo.

"Ndachokera ku sukulu ya malamulo, achimwene. Kumene amapita mayi anu."

"Oo, ndinu a Lachitatu." Anamwetulira pang'ono. "Ndimangomva mbiri yanu. Mwabwera mochedwa, zatha kale."

"Munavomereranji mlandu woti simunapalamule?"

Anapukusa mutu, osati mokwiya, koma ngati munthu wofotokozera mwana.

"Inu simunagonepo ku limandi. Wogamulidwa amadziwa tsiku lake, amachotsera limodzi kukacha. Amatuluka panja kukagwira ntchito, amaona dzuwa. Ife kuja timangokhala, osadziwa ngati ndi mawa kapena mpaka imfa. Anzanga akhala akundiuza kuti vomera, uziwerenga masiku ngati munthu. Ine ndimakana, ndimati amayi akuyendetsa."

Anaima kaye, n'kupukuta pamphumi.

"Loweruka lija anabwera. Ndinawafunsa kuti amayi, a loya akuti bwanji? Masiku onse amandiyankha kanthu, olo kabodza. Amati alemba kalata, kapena abwera atsopano ochangamuka. Koma ulendo uno anayang'ana pansi n'kuti palibe. Ndinafunsanso, anatinso palibe, maso ali pansi. Amayi anga sayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti awauza kuti zakanika, akungoopa kundiuza. Ndiye Lachiwiri ataitana ndinati basi, nawonso apume. Zaka zitatu akukhalira pa benchi chifukwa cha ine."

Pempho lija linali m'chikwama changa, lodindidwa chidindo cha khoti, tsiku lolembedwa pamwamba. Anatsala ndi masiku asanu ndi anayi okha pamene ankakweza dzanja. Koma sindinamuuze. Ndinachita mantha, ndivomere. Ndinangoti tiona chomwe tingachite. Iye anandithokoza chifukwa chobwera, n'kundipempha kuti nkhaniyi ndikawauze mayi ake ndine, poti iye sakanatha.

Pobwerera ndinalira m'basi monse, osasamala ondiyang'ana. Ndinapita molunjika kwa a Musalonjeze. Nditawauza anavula magalasi. Kenaka anati pempho lathu lafa, chifukwa munthu wogamulidwa sali pa limandi. Chotsala ndi apilo, koma kumasula munthu amene anavomera yekha pamaso pa woweruza ndi phiri. Ananena zoona. Apiloyo tinaichita, ine ndinaitsatira mpaka nditayamba ntchito, ndipo patatha zaka ziwiri inakanidwa. Koma zimenezo zinali zam'tsogolo. Chimene chinali patsogolo panga sabata imeneyo chinali Lachitatu.

Lachiwiri ndinafika mpaka pakamwa pa kanjira ka kuseri kwa khoti, n'kubwerera.

Lachitatu masana ndinawapeza ali kale pa benchi. Anali atavala diresi lomwe ndinali ndisanalionepo, ndipo pa miyendo panali phukusi la pepala la khaki. Atandiona anaimirira, nkhope yowala ngati mtsikana.

"A loya, ndabweretsa zoti adzavale mawa. Sangaime pamaso pa woweruza ndi nsanza. Mundipititsire, inu amakulolani."

Anatsegula pakona kuti ndione. Malaya oyera, buluku lakuda, zopindidwa mwaluso lawo lonse.

"Amayi, tiyeni tilowe mkati."

"Asintha tsiku eti? Musadandaule, munandiuza kale kuti amasintha. N'chifukwa chake sindinamuuze. Ndinagwira pakamwa, mwanangu, ngakhale zinali zowawa."

Sitinalowe mkati. Ndinakhala pa benchi pomwepo, iwonso n'kukhala. Ndinawauza zonse, mmene ndinazimvera, osachotsa ngakhale za kuyang'ana pansi zija. M'kalasi lapamwamba munkamveka mphunzitsi wina akuphunzitsa, ndi ana akuseka.

Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi.

"Linali liti?"

"Lachiwiri la sabata yatha."

Anawerenga ndi zala pa phukusi paja. Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri.

"Masiku atatu nditachokako."

"Eya, amayi."

"Anandifunsa kawiri." Mawu awo anali otsika, ngati akulankhula okha. "Kachiwiriko anagwira waya wotilekanitsa uja ndi zala, n'kuti amayi, ndiuzeni zoona. Mawu anafika apa." Anagwira pakhosi. "Ndinaona kuti ndikamuyang'ana m'maso ndiseka, adziwa. Ndiye ndinayang'ana pansi."

"Kulakwa ndi kwanga, amayi. Ndine ndinakuletsani. Ndikanapita ndekha msanga, ndikanakulolani..."

Ndinkafuna andikalipire. Ndinkafuna andigende ndi phukusi lija, aitane anthu, anene kuti ana a sukulu awaphera mwana. Zikanandipepukira. Koma anangosalaza pepala la khaki ndi chikhato, pang'onopang'ono, kuchokera pakati kupita m'mbali.

"Iyeyo akudziwa? Kuti mawa amatuluka?"

"Ayi. Sindinamuuze. Ndinalephera."

Anagwedeza mutu. Misozi inali itayamba kutsika tsopano, koma sanaipukute. Pakhomo la kiliniki mnzanga wina anasuzumira, fomu m'manja, kuti aitane wotsatira. Atationa anabwerera mkati.

Mayi a Simbi anatembenuka n'kundiyang'ana, mwaulemu womwe uja wa masiku onse, ndipo ndinaona kuti akufunsadi, akudikira kuti ndiwayankhe.

"Nanga Loweruka likubwerali, a loya, ndikamuuze? Kapena ndisamuuzebe?"